Thabwa la mtengo wokhawokha m'masewera a tebulo tenisi

Thabwa ndi mbali yamtengo ya chomenyera mpira wa tebulo tenisi. Ndi pomwe amamatapo labala, ndipo kumunsi kwake kumakhala chogwirira. Thabwa la mtengo wokhawokha limapangidwa ndi timatabwa topyapyala tomatidwa ndi guluu, popanda ulusi wa kaboni kapena ulusi wina wa m'fakitale pakati pake. Aphunzitsi ambiri amalangiza thabwa lotere kwa ongoyamba kumene komanso kwa wosewera wa mbali zonse, amene amatchinga, kukankha, kuzunguza mpira ndi kumenya mwamphamvu malinga ndi momwe mpirawo wabwerera.

Zimene malamulo amanena

Bungwe loyendetsa masewerawa padziko lonse, la ITTF, lomwe linakhazikitsidwa mu 1926, siliika malire pa kukula, maonekedwe kapena kulemera kwa chomenyera. Limangofuna kuti thabwa likhale lafulati ndi lolimba, ndiponso kuti 85 peresenti kapena kuposerapo ya kuchindikala kwake ikhale mtengo weniweni. Ulusi wolimbitsa ndi wololedwa, koma mzere umodzi usapitirire 7.5 peresenti ya kuchindikala konse kapena mamilimita 0.35, potengera chochepa pa ziwirizi. Choncho ngakhale matabwa otchedwa a kaboni, mbali yake yaikulu ndi mtengo ndithu.

Kapangidwe kake

Matabwa ambiri amakhala ndi timatabwa tisanu kapena tisanu ndi tiwiri. Ka pakati ndiko kochindikala, ndipo mbali ziwirizo zimasanjidwa mofanana. Monga amachitira popanga pulayiwudi, mizere ya timatabwa toyandikana imapingasana kuti thabwa lisapindike kapena kung'aluka. Mutu wa thabwa nthawi zambiri umatalika mamilimita 157 ndipo m'lifupi mwake ndi mamilimita 150.

Thabwa la timatabwa tisanu limachindikala mamilimita 5 mpaka 6. Limawerama pang'ono mpira ukaligunda, ndipo n'chifukwa chake limathandiza pozunguza mpira. La timatabwa tisanu ndi tiwiri limafika mamilimita 6 mpaka 7, siliwerama kwenikweni, ndipo limakomera wokonda kutchinga ndi kumenya ali pafupi ndi tebulo. Ku Japan kuli mwambo winanso wa thabwa la mtengo umodzi wosaphatikiza, wa hinoki, lochindikala pafupifupi sentimita imodzi.

Mitengo yake

Mitengo itatu yodziwika kwambiri pantchitoyi imachokera m'nkhalango za kumadzulo ndi pakati pa Africa. Ayous, umene ena amautcha obeche, ndi wopepuka komanso wofewa, ndipo ndiwo amakonda kuuika pakati. Limba ndi wofewerako, amauika pamwamba, ndipo umaugwira mpira kakanthawi usanachoke. Koto ndi wolimba kuposa limba, kotero mpira umanyamuka msanga ndi kamawu kakuthwa. Hinoki wa ku Japan ndi wofewa koma wodumphitsa mpira. Kiri ndi balsa ndi mitengo yopepuka kwambiri yoika pakati, ngakhale balsa amavuta kuzolowera chifukwa mpira womenyedwa pang'ono umafooka, pomwe womenyedwa mwamphamvu umathawa. Kwa wosewera wa mbali zonse, limba pamwamba ndi ayous pakati ndiwo msanganizo umene wakhala ukudaliridwa kwa zaka zambiri.

Kusiyana kwake ndi thabwa la kaboni

Ulusi wa kaboni umalimbitsa thabwa, umawonjezera liwiro, umakulitsa malo amene mpira umadumpha bwino, komanso umachepetsa kunjenjemera kofika m'dzanja. Akatswiri ambiri anatembenukira kumeneko malamulo atasintha. Mu 2000 mpira unakula kuchoka pa mamilimita 38 kufika pa 40, mu 2008 guluu wowonjezera liwiro analetsedwa, ndipo mu 2014 kunabwera mpira wapulasitiki. Zonsezi zinachepetsa liwiro kapena kuzungulira kwa mpira, ndipo osewera apamwamba anafuna kubweza zimene zinatayika.

Koma kunjenjemera kumene kaboni amachotsa n'kothandiza kwa amene akukulitsa luso. Mpira ukagunda pakati pa thabwa lamtengo, dzanja limamva kaphokoso kodzaza. Ukagunda m'mphepete, zala zimamva kugwedera ndipo wosewera amadziwa pompo kuti walakwitsa, mpira usanagwe n'komwe. Thabwa losathamanga kwambiri limamukakamizanso kutulutsa mphamvu m'miyendo ndi m'chiuno, m'malo mongoika chomenyera panjira ya mpira. Pamipira yaifupi yapafupi ndi neti, komanso polandira mpira woyambira, thabwa lamtengo silidumphitsa mpira mopitirira.

Matabwa odziwika

Stiga Allround Classic, la timatabwa tisanu, linayamba kupangidwa ku Sweden mu 1967 ndipo likugulitsidwabe. Kampani ya Butterfly ya ku Japan ili ndi Primorac ndi Petr Korbel, omwe anatchulidwa mayina a Zoran Primorac wa ku Croatia ndi Petr Korbel wa ku Czech Republic. Onse awiri ndi a limba ndi ayous, ndipo la Korbel ndilo lothamangirako. Donic Appelgren Allplay lili ndi dzina la Mikael Appelgren wa ku Sweden. Palinso Yasaka Sweden Extra, ndipo pa matabwa a timatabwa tisanu ndi tiwiri lotchuka ndi Stiga Clipper.

Zoyang'ana posankha

Opanga amalemba DEF pa matabwa odzitetezera, ALL pa a mbali zonse ndi OFF pa omenyera, n'kuwonjezera chizindikiro cha + kapena -. Wosewera wa mbali zonse amasankha pakati pa ALL ndi OFF-. Zilembozi zilibe muyeso umodzi wogwirizana, moti ALL+ wa kampani ina akhoza kuthamanga ngati OFF- wa inzake. Kuchindikala ndi mtundu wa mtengo wapamwamba ndizo zimanena zoona kuposa zilembo za pabokosi. Osewera ena amagogoda thabwa lopanda labala ndi mpira n'kumvetsera: mawu okwera amasonyeza thabwa lolimba ndi lothamanga, mawu otsika amasonyeza lofewa.

Matabwa ambiri amtunduwu amalemera magalamu 80 mpaka 90. Popeza mtengo sufanana, awiri a dzina limodzi amatha kusiyana ndi magalamu angapo. Labala awiri akamatidwa, chomenyera chimalemera pafupifupi kuwirikiza kawiri, ndipo kulemerako kukachuluka kumutu, dzanja limatopa msanga.

Zogwirira zodziwika kwambiri zilipo zitatu kwa ogwira ngati akupereka moni: FL chotambasuka kumapeto, chomwe sichipulumuka m'manja, ST chowongoka, chomwe chimalola kusintha kagwiridwe, ndi AN chotupa pakati. Ogwira ngati cholembera ali ndi chogwirira chawo chachifupi. Palibe choposa chinzake, chachikulu n'chakuti chikhale bwino m'dzanja la mwini wake.

Thabwa limayenda ndi labala wake. La mbali zonse limagwirizana ndi labala wa siponji yofewerako ya mamilimita 1.8 mpaka 2.0, monga Yasaka Mark V kapena Butterfly Sriver. Luso likakula, wosewera angathe kuika labala wothamanga pa thabwa lomwelo osataya kamvedwe kamene dzanja linazolowera.

Kasamalidwe

Timatabwa tapamwamba, makamaka ta limba, timatha kuzuka pomatula labala. Ambiri amapaka vanishi wopyapyala kamodzi thabwa likadali latsopano, ndipo amamatula labala pang'onopang'ono mopingasa, osati motsata mizere ya mtengo. Vanishi akachuluka, thabwa limauma mawu ndipo guluu sagwira. Chinyezi cha m'dzinja ndi kutentha kwa m'galimoto yoima padzuwa zimapinda thabwa, choncho lizisungidwa m'chikwama chake pamalo ouma. Kwa wosewera kawirikawiri labala amatha pakapita miyezi, koma thabwa losamalidwa limakhala zaka zambiri.