Mwambo wa Kulankhulana ndi Kumvetserana m'Mbiri ya Boma la Mwanza

Kulankhulana pakati pa anthu a ku Mwanza kudali ndi malamulo ake kalekale, sukulu ndi makhoti a boma zisanafike. Malamulowo sadalembedwe paliponse, koma mwana aliyense ankawadziwa asanathe msinkhu: woyamba kulankhula ndani, wotsiriza ndani, nkhani yolemera idzere mwa yani, ndipo womvetsera aonetse bwanji kuti wamva. Mwa zonsezi, kumvetsera ndiko kudali pamwamba. Idali ntchito yokhala ndi dongosolo lake, ndipo inkagwera mwana ndi mfumu yomwe.

Boma la Mwanza lili kumadzulo kwa chigawo cha kummwera, m'malire ndi chigawo cha Tete cha dziko la Mozambique. Kalembera wa 2018 adapezamo anthu opitirira 130,000, okhala m'madera a mafumu monga Kanduku, Nthache ndi Govati. Dera la Neno lidali mbali ya bomali mpaka 2003. Eni nthaka akale ndi zidzukulu za Amaravi, anthu olankhula Chinyanja amene amawerenga ubale kuchokera kwa mayi. Cha m'ma 1870 Angoni a Maseko adakhazikika ku Domwe, ndipo mphamvu zawo zidatsika ndi mapiri a Kirk Range kufika ku Neno ndi ku Mwanza. Angoniwo adakwatira akazi a konkuno, ana nakula ndi chilankhulo cha amayi awo, kotero Chingoni chidatsalira m'nyimbo za ngoma, m'mifunda ndi m'mawu olemekezera mfumu monga "Bayete". Pangano la malire la 1891 pakati pa Britain ndi Portugal lidagawa mabanja pawiri, koma mpaka lero munthu wa ku Zobue ndi wa ku Mwanza amamvana popanda womasulira.

Maziko a mwambo wonsewu amaoneka bwino pa malonje. Mlendo akafika pakhomo ankaima chapatali nkunena "Odi!", osayamba nkhani ali chilili. Ankamuyalira mphasa, iye nkukhala pansi, kenaka eni khomo nkumabwera mmodzimmodzi kudzapereka moni, mwana atagwada kapena atanjuta, dzanja lamanzere litagwira mkono wamanja. Moni ukatha, mwini khomo ankafunsa malonje. Apa mlendo ankafotokoza mmene wasiyira kwawo: amene akudwala, maliro amene agwa, mmene mvula yagwera, chimene chili m'nkhokwe, ndi mmene wayendera panjira. Womvetsera sankamudula mawu. Ankangovomera kuti "eee", "inde", pa nkhani yachisoni nkuti "pepani", nthawi zina nkuomba m'manja motsitsa. Mlendo akatsiriza, mwini khomo ankabwereza mwachidule zimene wamva, kuzipereka kwa ena okhala pomwepo, ndipo pambuyo pake ankafotokoza za pakhomo pake. Kubwerezako kudali umboni wakuti mawu afika bwino, ndiponso mpata wakuti mlendo akonze pamene sadamveke. Chimene wabwerera chinkanenedwa pambuyo pa zonsezi, kawirikawiri atadya kale.

Thupi nalo linkalankhula. Wamng'ono sankayang'anitsitsa wamkulu m'maso, sankaima pamene wamkulu wakhala pansi, ndipo sankalandira kanthu ndi dzanja limodzi. Mawu otsika adali chizindikiro cha munthu woleredwa bwino. Wokuwa pa nkhani ankatengedwa ngati wopanda mfundo.

Ana ankaphunzira kumvetsera madzulo pa nthano. Wokamba akati "Padangotero", omvera ankayankha "Tili tonse", ndipo yankholi linkabwerezedwa pa mpumiro uliwonse. Likazilala, wokamba ankadziwa kuti ana agona kapena mitima yawo yapita kwina, nthano nkuthera pomwepo. Motero mwana ankakula akudziwa kuti nkhani imayenda ndi anthu awiri, wonena ndi wovomera. Pa chinamwali phunziroli linkalimba. Namwali ankakhala ataweramitsa mutu pamene anamkungwi akumulanga, ndipo mwa zolakwa zimene makolo ankanena pamaso pa anamkungwi, mwano ndi kusamva zinkatsogola. Mwambi wakuti "samva adamva nkhwangwa ili m'mutu" unkamveka m'malo ngati amenewa.

Mmene munthu ankadzidziwira yekha zinkachokeranso m'kalankhulidwe komweka. Mwana ankatchulidwa dzina lake ndi kuuzidwa kuti "iwe". Akavinidwa kapena akalowa m'banja, "iwe" uja ankasanduka "inu", dzina la paubwana nkuyamba kupewedwa. M'malo mwake munkabwera mfunda: a Phiri, a Banda, a Mbewe, a Mwale, kapena kwa Angoni a Maseko, a Ngozo, a Jere, mkazi nkukhala Naphiri, Nabanda, Nangozo. Mwana akabadwa, makolo ankatchulidwa ndi dzina la mwanayo, amake a uje, bambo ake a uje. Pa sitepe iliyonse munthu ankamva m'kamwa mwa anzake kuti wakula, ndipo ankayamba kuyenda ndi kulankhula molingana ndi dzina latsopanolo. Katswiri wa za chikhalidwe wa ku America, Charles Horton Cooley, adalemba mu 1902 kuti munthu amadziona yekha kudzera m'mene akuganizira kuti anzake akumuonera. Anthu a kuno adali atazikhazikitsa kale zimenezi m'makhalidwe awo, ndipo ankazinena ndi mwambi wakuti "kali kokha nkanyama, tili tiwiri ntianthu". Dongosololi lidali ndi ululu wake. Mkazi wosabereka ankakalamba wopanda dzina la umayi, ndipo mkamwini, ngakhale adali mwini banja, pa nkhani za mbumba ya mkazi wake ankakhala womvera chabe, mawu ali ndi atsibweni a ana.

Nkhani yolemera sinkanenedwa maso ndi maso. Mnyamata wofuna mbeta ankauza amalume ake, ndipo iwo ndiwo ankakagogoda kwa amalume a mtsikana. Ukwati ukamangidwa, ankhoswe a mbali ziwirizo ankakhala njira ya madandaulo onse a m'banjamo. Mkamwini ndi apongozi ake aakazi ankapewana, akakumana panjira wina nkupatukira kutchire, ndipo zofunika kuuzana zinkadzera mwa mwana kapena mwa mkazi. Mkhalapakati ankachotsa ukali m'mawu asanawafikitse, nkupatsa wolakwa mpata wobweza mtima popanda kuchita manyazi pagulu. Komabe mwambo udasiya zipata zonenera chilungamo chowawa: asuweni ankatha kunyogodolana momasuka, agogo ankaseka ndi zidzukulu zawo, ndipo amayi ankaimba madandaulo awo pamtondo, mudzi wonse nkumva popanda wotchulidwa dzina.

Pa bwalo la mfumu ndi pamene luso limeneli linkafika pachimake. Wodandaula ankatula nkhani yake kwa nduna, nduna nkuibwereza mokweza kuti mfumu ndi anthu onse amve, nkufunsa mwini nkhani ngati yanenedwa bwino. Woimbidwa mlandu ankapatsidwa nthawi yofanana, ndipo ngakhale atazungulira motani, womudula mawu ankadzudzulidwa, mwinanso kulipitsidwa. Mboni zikatha, bwalo linkatsekulidwa kuti akuluakulu aponyepo maganizo, nthawi zambiri kudzera m'miyambi. Mfumu inkalankhula pomalizira. Kukhala chete kwake tsiku lonse ndiko kunkapatsa chigamulo chake mphamvu, chifukwa aliyense ankamvamo mawu amene iye kapena mnzake adanena. Chindapusa cha nkhuku kapena mbuzi chinkaperekedwa ndi cholinga chakuti anthu awiriwo apitirize kumwera chitsime chimodzi. Ndipo mfumu yosamva za anthu idali ndi chilango chake: malo adali ambiri masiku amenewo, mwinimbumba wokhumudwa ankasamuka ndi anthu ake kukayamba mudzi kwina, mfumuyo nkutsala ndi mabwinja.

Ulamuliro wa atsamunda udasintha kumene mfumu inkatchera khutu. Lamulo la 1912 lidakhazikitsa mafumu akuluakulu oyang'aniridwa ndi boma, ndipo malamulo a 1933 adawapatsa makhoti ndi udindo wothandiza kutolera msonkho. Kuyambira pamenepo mfumu idayenera kumvera bwanamkubwa ndi a DC ngakhale anthu ake atadandaula. M'khoti la mzungu mudalowa womasulira ndi kalaliki, ndipo mboni inkafunsidwa mafunso ofuna yankho lalifupi, chinthu chachilendo kwa munthu wozolowera kuyamba nkhani kuchokera kumizu. Kuyang'ana pansi, kumene kumudzi kudali ulemu, kunkaoneka ngati kubisa kanthu. Nthawi yomweyo sukulu za mishoni, monga ya Akatolika ku Neno ndi ya Seventh-day Adventist ku Matandani, zidabweretsa kalata. Amuna ambiri a kuno ankadutsa ku Tete kupita ku Southern Rhodesia ndi ku migodi ya ku Johannesburg, ndipo kalata zawo zinkawerengedwa mokweza ndi mwana wasukulu kapena mphunzitsi, banja lonse litakhala pamphasa. Kalatazo zidatengera dongosolo la malonje: moni kwa aliyense potsata ukulu, za umoyo, za ntchito, ndipo nkhani yeniyeni kumapeto. Kusiya kulemba kudali chizindikiro choyamba chakuti munthu wasanduka mtchona.

Ufulu wa 1964 udadza ndi wailesi ya MBC, ndipo mu 1968 Chichewa chidasankhidwa kukhala chilankhulo cha dziko pamodzi ndi Chingerezi, zimene zidapatsa anthu a ku Mwanza mwayi womva nkhani za boma m'chinenero chawo. Koma ulamuliro wa chipani chimodzi udatenga mbali imodzi yokha ya mwambo. Pa ngodya zinayi za Dr Hastings Kamuzu Banda, zomwe ndi umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, udindo wonse udaikidwa pa anthu wamba. Za udindo wa mtsogoleri wokhala chete kuti amve anthu ake sizidatchulidwe. Makhoti a makolo amene adapatsidwa mphamvu zoweruza milandu ikuluikulu kuyambira 1969 adali ndi dzina la mwambo, koma ankakana maloya, ndipo pa milandu ya ndale chigamulo chinkadziwika mlandu usanayambe. Ayufi, apayoniya ndi akazitape adachititsa kuti munthu aziopa ngakhale mnansi wake. Luso lakale lolankhula mophiphiritsa lidasanduka chida chodzitetezera.

Boma la Mwanza lidasenza gawo lolemera la mantha amenewa. Mu Okutobala 1967 Yatuta Chisiza adaphedwa m'bomali atalowa ndi kagulu kake ka zida. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, adaphedwa pa msewu wa ku Thambani, ndipo boma lidalengeza kuti adafa pa ngozi ya galimoto. Kwa zaka khumi ndi chimodzi nkhaniyi inkangonong'onedwa. Mu 1994 boma la Bakili Muluzi lidakhazikitsa komiti yofufuza yotsogozedwa ndi Justice Harry Mtegha, imene idamva mboni zambiri, kuphatikizapo apolisi, nkupeza kuti anayiwo adachita kuphedwa. Dr Banda ndi John Tembo adaimbidwa mlandu, koma khoti lidawapeza osalakwa mu Disembala 1995. Ngakhale mlandu udatha motero, kufufuzako kudabwezera anthu chinthu chimene bwalo lakale linkachidziwa bwino: kuti woona ndi maso ayenera kupatsidwa malo okhala ndi nthawi yonena zonse.

M'zaka zomwezo mwambo udaonetsanso mphamvu zake. Nkhondo ya pakati pa Frelimo ndi Renamo idathamangitsira ku Malawi anthu opitirira miliyoni imodzi pangano la mtendere la ku Rome la 1992 lisanachitike, ndipo Mwanza idali limodzi mwa makomo awo. Ambiri sadayambire ku misasa. Ankafika pa mudzi, nkupereka malonje kwa nyakwawa, nkutchula mfunda wawo, ndipo mfundawo unkawapezera achibale ndi malo omangapo. Zofanana ndi zimenezi zidaonekanso mu 2015 ndi 2016, pamene anthu othawa ku Tete adasonkhana pa mudzi wa Kapise asanasamutsidwire ku msasa wa Luwani ku Neno.

Kuchokera mu 1994, gawo 35 la malamulo aakulu a dziko limateteza ufulu wolankhula. Mawailesi achuluka, ndipo mlimi wa manachesi amatha kuimba foni pa pologalamu nkufunsa phungu wake poyera. Mayi womenyedwa ali ndi kopita kwina ngati ankhoswe akungomuuza kuti apirire, monga ku ofesi ya apolisi yothandiza ozunzidwa kapena ku khoti la majisitireti. Uku ndi kupita patsogolo kwenikweni, chifukwa bwalo lakale silinkamva mkazi ndi mwana mofanana ndi mwamuna wamkulu. Chimene chafooka ndi kudekha. Foni ya m'manja idafupikitsa malonje chifukwa mayunitsi ndi ndalama, ndipo uthenga wa maliro umene kale unkanyamulidwa ndi adzukulu otumidwa ndi mfumu tsopano umafika pa WhatsApp, nthawi zina mwini maliro asanauzidwe mwaulemu. Akuluakulu akamadandaula kuti ana a masiku ano ndi amwano, kawirikawiri amanena za kudula mawu ndi kuyankha munthu asanatsirize.

Komabe dongosolo lakale silidafe. Mkangano wa m'banja ku Mwanza umayambabe kwa ankhoswe, wa malire a munda umayamba kwa nyakwawa, ukakanika nkupita kwa gulupu, kenaka kwa mfumu yaikulu. Amalume amene ali ku Joni amaimbiridwa foni nkhani ya mbumba isanagamulidwe. Pa mabwalo amenewa nduna imabwerezabe mawu a wodandaula, ndipo mfumu imalankhulabe pomalizira.