Dzina Limene Alomwe Adalikana

Pamene zaka za m'ma 1800 zinkapita kumapeto, ndiponso kwa zaka makumi angapo zotsatira, Alomwe, anthu a kum'mawa kwa phiri la Mulanje ndi nyanja ya Chilwa, atatopa ndi msonkho wa Apwitikizi, chibalo, mbalamatodya ndi njala, adayamba kuwoloka Ruo ndi Muloza mabanjamabanja, atasenza mphasa ndi miphika, kudzafuna pogoneka mutu m'dziko la Nyasaland. Kwawo ankadziwana ndi mayina awoawo: Amihavani, Amanyawa, Atakhwani, Akokhola ndi ena otero, ambiri a iwo nkumaloza ku phiri la Namuli ngati kuchimake kwa makolo. Koma atangoponda tsidya lino, onsewo adawaunjika m'dengu limodzi nawatcha Anguru, dzina limene eni ake sadadzipatse, ndipo limene pakamwa pa wolitchula linkatanthauza munthu wobwera, wosachangamuka, woyenera khasu basi.

Akulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Komatu alendo awa sadakamuke, pakuti kalembera wa 1921 adawapeza oposa 120,000, ndipo pofika 1945 anali atapitirira 370,000. Popeza nthaka yabwino ya ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu inali kale m'manja mwa Azungu a minda, wobwerayo, wopanda mfumu yomuyankhulira ndi wopanda mudzi wothawirako, ankalandira kadera komangapo khumbi pokhapokha atavomera thangata, ndiye kuti mwezi umodzi kugwirira malo, mwezi wina kugwirira msonkho, miyezi imene kawirikawiri inkatalika monga momwe mwini munda wafunira. Apa mpamene ndiona muzu wa chipongwe chonsecho. Munthu amene ukumulimitsa thonje ndi fodya, nkumuthyoletsa tiyi pa mvula kwa malipiro osagula ndi nsalu yomwe, nkovuta kumuyang'ana m'maso ngati mnzako. Koma ukayamba wanena kuti mtundu wake ngwauve, ngwakuba, ngwosamva za sukulu, mtima wako umagona tulo. Motero dzinalo lidalowa m'malipoti a mabwanamkubwa, m'mabuku a kalembera ndi m'nyuzipepala za atsamunda, ndipo chimene chalembedwa ndi kudindidwa, anthu amachiyesa choona. Ndipo pamene anthu a ku Magomero, ambiri mwa iwo Alomwe, adatsata John Chilembwe poukira atsamunda mu Januwale 1915, panapezeka ena ofulumira kunena kuti ndi nkhanza za mtundu, m'malo mofunsa za zikoti za pa minda ya A. L. Bruce.

Chondiwawa koposa nchakuti ife anansi awo, akhungu limodzi, tidalitola dzinalo nkulinola. Tidawaseka kuti amadya njoka, tidaseka kalongonda wawo, tidaseka lilime lawo pamsika ndi pabwalo la sukulu, osaona kuti wotiseketsayo ankatidyera tonse pamodzi. Monga Aefraimu aja adagwidwa ndi katchulidwe ka liwu limodzi pa madooko a Yordano, Mlomwe ankadziwika akangotsegula pakamwa. Tsono amayi ambiri, pofuna kutchinjiriza ana awo ku manyazi, adaleka kuwayankhula Chilomwe, ndipo anyamata opita kukafuna ntchito ku Limbe ankadzitcha Anyanja kapena Ayao.

Amene adaimirira kukana chitonzochi anali Lewis Mataka Bandawe, wobadwira ku Mozambique, wophunzira pa mishoni ya Blantyre, amene adabwerera kwawo kukatumikira zaka zambiri ku Mihecani namasulira Chipangano Chatsopano m'Chilomwe, pambuyo pake nakhala womasulira mawu ku bwalo lalikulu la milandu. Munthu wotere, wodziwa kulemera kwa liwu lililonse pamaso pa woweruza, adazindikira kuti dzina ndi mlandu umene munthu amaweruzidwa nawo asanayankhule. Mu 1943 iye ndi anzake adakhazikitsa bungwe la Alomwe, napempha boma kuti lifafanize dzina lonyozalo m'makalata ake, ndipo boma lidamvera.

Koma cholembera cha boma chimafafaniza za papepala zokha. Thangata adatha mu 1962, ufulu udadza mu 1964, ndipo liwu lija lidatsalabe m'nthabwala za pamowa ndi m'mikangano ya paukwati. Pamene gulu la chikhalidwe la Mulhako wa Alhomwe lidayamba kusonkhana pa Chonde mu 2008, ng'oma za tchopa zikugunda, ambiri mwa ovinawo anali adzukulu a amayi aja adatseka pakamwa, ndipo moni wa makolo awo ankachita kuwuphunzira tsiku lomwelo.