Doko la Chiromo, pamene Ruo athira m'Shire

Madzi a Muloza, amene ife a ku Mongue timaoloka pa Milange popita ku Malawi, sathera pafupi ai. Amalowa m'Ruo, mtsinje wocokera m'phiri la Mulanje. Ruo atsika kupyola Majaua, nagwa pa mathithi a Zoa, nakathira m'Shire ku cigwa kotentha. Pa mathiriro pomwepo pali Chiromo, ndipo cakumpoto kwace kuli dambo lalikuru limene Angerezi analicha Elephant Marsh cifukwa ca njobvu zimene anapezamo. Lero Chiromo ndi kamudzi cabe, koma kale panali doko la sitima za pamadzi. Mkangano wa malo amenewa ndiwo unalemba malire pakati pa ife ndi abale athu a tsidya lija.

David Livingstone anapita pamenepo ndi sitima yace mu 1859. Patapita zaka zitatu, Bishopu Charles Mackenzie anadza kudzamcingamira, koma bwato linagubuduka panjira ndipo mankhwala onse anamira. Malungo anamgwira pa cisumbu ca Malo, namwalira pa 31 Januwale 1862, naikidwa kufupi komweko.

Livingstone anali atabwera ndi Amakololo ocokera kumtunda kwa Zambezi. Iwowa sanabwerere kwao. Pokhala ndi mfuti anasanduka mafumu pakati pa Amang'anja, ndipo wa pa Chiromo anali Chipatula. Mu 1884 mzungu wamalonda George Fenwick anamuombera. Anthu ace anapha Fenwick, namiza sitima ya Lady Nyassa. Tione apa kuti wokhala pa mathiriro a Ruo ndiye anali ndi khomo la dziko lonse la kumapiri m'manja mwace. Sitima siikanapita iye atakana.

Khomo limeneli Apwitikizi analifuna, Angerezi analifunanso. Mu 1889 Serpa Pinto anakwera Shire ndi asilikari, ndipo mu Novembala anamenyana ndi Amakololo amene anali atalandira mbendera za Angerezi. Amakololo anagonja, Chiromo inalandidwa. Ku London nkhaniyi inawapsetsa mtima, kotero kuti pa 11 Januwale 1890 analamula boma la ku Lisboa kucotsa asilikari ace msanga. Apwitikizi anamvera, koma ndi manyazi akuru. Cipangano ca 1891 cinati Ruo akhale malire. Nanga Amang'anja ndi Alomwe amene ankalima tsidya lino ndi kukwatira tsidya linalo anafunsidwa kodi? Iai ndithu. Mtsinje wosambamo ndi kutungamo madzi unangosanduka mpanda.

Zitatero Chiromo inakula. Sitima zinkacokera ku Chinde, pamene Zambezi athira m'nyanja ya mcere, ndi kudzakoceza pa Chiromo. Panali nyumba ya msonkho wa katundu, nkhokwe za makampani, ndi antenga-tenga osenza mitolo pamutu. Koma ulemerero wace sunakhalitse. Madzi a Shire anayamba kucepa, sitima nkumatitimira mumcenga m'cilimwe. Njanji imene anafuna kuiyambira pa Chiromo anaiyambira kumunsi, ku Port Herald, kumene lero timati Nsanje, ndipo inafika ku Blantyre mu 1908. Pamene ulalo wa Dona Ana unatsegulidwa pa Zambezi mu 1935, katundu ankayenda pa njanji yokha mpaka ku Beira. Chiromo inatsala ndi ulalo wace wa pa Shire, basi.

Malire aja sanaletse anthu kuoloka. Makolo athu ambiri anaoloka Ruo pothawa cibalo ndi msonkho, nakagwira nchito m'minda ya azungu ku Mulanje ndi ku Thyolo. Mu 1986, nkhondo itakula m'Zambezia, anthu zikwizikwi anaolokanso, ana kumbuyo, mitolo pamutu, ndipo amene anawalandira tsidya lija ankalankhula cinenero comweci.

Cimene cinagonjetsa Chiromo kotheratu ndi madzi omwewo, tsopano atacuruka. Mu 1997 cigumula cinadula njanji ndi mseu pakati pa Bangula ndi Makhanga, anthu nayamba kuoloka pa mabwato monga m'masiku a Chipatula. Mu Januwale 2015 Ruo anasefukira koopsa, nadzitemera njira yatsopano, ndipo Makhanga inatsala ngati cisumbu, anthu atakwera m'mitengo ndi pa zulu kudikira cithandizo.