Kurt Wahle, Mkulu wa Asilikali a Germany Amene Anazinga Saisi mu 1915

A Kurt Wahle anali mkulu wa asilikali a dziko la Germany amene anali atapuma kale pa nchito, koma anabwerera ku nkhondo ali okalamba pamene Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse inabuka mu 1914. Iwo ndiwo anatsogolera gulu limene linazinga linga la Saisi, pafupi ndi Mbala, m'caka ca 1915. Nkhondo imene anamenya inadutsa m'maiko a Tanzania, Zambia ndi Mozambique, ndipo kulemera kwake kunafika mpaka m'midzi ya kum'mawa kwa Zambia.

Ciyambi cao

A Wahle anabadwa mu 1855 ndipo anagwira nchito m'gulu la nkhondo la dera la Saxony kufikira atafika pa udindo wa Major General. Atapuma, mu 1914 anapita kukacezera mwana wao wamwamuna m'dziko limene linali kuchedwa German East Africa, lomwe lero ndi Tanzania, Rwanda ndi Burundi. Nkhondo inawapeza ali komweko mu Ogasiti caka cimeneco.

Mtsogoleri wa asilikali a Germany kumeneko anali a Paul von Lettow-Vorbeck, amene panthawiyo anali pa udindo wa Lieutenant Colonel, wocepa poyerekeza ndi wa a Wahle. Ngakhale zinali tero, a Wahle anadzipereka kugwira nchito pansi pao. Poyamba anapatsidwa udindo woyang'anira kayendetsedwe ka cakudya, zida ndi anthu onyamula katundu. Colinga ca a Lettow-Vorbeck cinali cakuti asilikali ambiri a Britain atangwanike mu Africa, kuti asapite kukathandiza ku Ulaya.

Kuzingidwa kwa Saisi

Mu 1915 a Wahle anatumizidwa ku malire a kum'mwera cakumadzulo, moyang'anana ndi Northern Rhodesia, dzina la Zambia m'masiku amenewo. Linga la Saisi linali kusungidwa ndi asilikali a Northern Rhodesia Police pamodzi ndi a Belgium ocokera ku Congo, motsogozedwa ndi Major O'Sullevan.

Kumapeto kwa Julaye, gulu la a Wahle linazungulira lingalo. Amene anali m'kati anavutika ndi ludzu, ndipo anali kutunga madzi usiku moika moyo pa ngozi. A Wahle anatumiza uthenga wakuti agonje, koma a O'Sullevan anakana. Kuciyambi kwa Ogasiti Majeremani anacoka osalanda lingalo, ndipo anabwerera kutsidya kwa malire.

Ulendo wocoka ku Tabora

Mu 1916 a Wahle anali mtsogoleri wa magulu onse a Germany a kumadzulo. Asilikali a Belgium, motsogozedwa ndi General Charles Tombeur, analowa mu mzinda wa Tabora pa 19 Sepitembala 1916, koma anapeza a Wahle atacoka kale. Iwo anatsogolera anthu ao m'ulendo wautali wa pansi, kudutsa m'cipululu copanda madzi ndi cakudya cokwanira.

M'dera la Iringa anakumana ndi magulu a General Edward Northey, amene anacokera ku Nyasaland ndi ku Rhodesia. Atamenyana nao kwa milungu ingapo, anabooleza ndi kukakumana ndi anzao. Kupulumutsa gulu limeneli ndi imodzi mwa nchito zimene zinawachukitsa, ndipo dziko lao linawalemekeza ndi mendulo ya Iron Cross.

Mahiwa ndi Mozambique

Kuyambira pa 15 mpaka pa 18 Okutobala 1917, a Wahle anali mmodzi wa otsogolera pa nkhondo ya ku Mahiwa ndi Nyangao, kum'mwera kwa Tanzania. Mbali ya Britain inataya asilikali pafupifupi 2,700 mwa 4,900, kuwerengera ophedwa ndi ovulala, pamene Majeremani anataya oposa 500. Koma zipolopolo zao zinatsala pang'ono kutha, ndipo analibe kowapezera asilikali ena.

Cifukwa ca ici, pa 25 Novembala 1917 a Lettow-Vorbeck anaoloka mtsinje wa Rovuma pa Negomano ndi kulowa mu Mozambique, komwe analanda mfuti ndi cakudya kwa Apwitikizi. Mu Disembala gulu la a Wahle linalanda linga la pa phiri la Mecula, m'cigawo ca Niassa. Kwa miyezi khumi Majeremani anayendayenda m'dzikolo, akudya zimene anali kulanda m'nkhokwe za anthu a m'midzi.

Ataolokanso Rovuma kumapeto kwa Sepitembala 1918, thupi la a Wahle linali litafooka. Mu Okutobala anasiyidwa ku Ubena, dera la Njombe, pamodzi ndi odwala ena, ndipo anagwidwa ndi asilikali a Britain. Apa n'kuti ali ndi zaka zoposa 60. Nkhondo itatha anabwerera ku Germany, komwe anamwalira mu 1928.

Mathero a nkhondo mu Zambia

Popanda a Wahle, anzao analowa mu Northern Rhodesia kuciyambi kwa Novembala 1918 ndi kulanda Kasama. Pa 14 Novembala, pa mtsinje wa Chambeshi, mkulu wa boma a Hector Croad anakumana ndi a Lettow-Vorbeck ndi kuwatsimikizira kuti nkhondo inatha ku Ulaya pa 11 Novembala. Majeremani 155 ndi asilikali ao aciafirika 1,168 anatula zida ku Abercorn, lero Mbala, pa 25 Novembala 1918. Pa Chambeshi pali cipilala ca cikumbutso cimene cinatsegulidwa mu 1953, ndipo mu 2018 ku Mbala kunacitika mwambo wokumbukira kuti papita zaka 100.

Amtengatenga

Magulu a Germany sanafike m'madera a Katete, Sinda ndi Vubwi. Komabe nkhondo inalowa m'midzi ya Acewa, Angoni ndi Ansenga kudzera mwa amesenjala a boma. Dziko linali m'manja mwa kampani ya British South Africa Company, ndipo boma la ku Fort Jameson, lero Chipata, linali kulamula mafumu kuti apereke amuna onyamula katundu.

Misewu ya galimoto inali yocepa, ndipo ng'ombe ndi akavalo zinali kufa ndi matenda obwera ndi nchenche za kashembe. Motero cakudya ndi zipolopolo zinayenda pa mitu ya anthu, munthu aliyense atasenza katundu wolemera pafupifupi makilogalamu 27. Kumpoto kwa dziko, katundu wina anayenda pa mabwato kudutsa m'madambo a Bangweulu. Ku Nyasaland kokha, amuna pafupifupi 200,000 anagwira nchito ya mtengatenga.

Ambiri anafa ndi njala, kamwazi, malungo ndi cibayo. Kumudzi minda inasowa olima, ndipo kumapeto kwa 1918 mliri wa fuluwenza unaonjezera maliro. Mbali ya a Wahle nayonso inali kugwira anthu mokakamiza kuti anyamule katundu kulikonse kumene inadutsa.

Maina a Wahle, Lettow-Vorbeck ndi Northey analembedwa m'mabuku pamodzi ndi mamendulo ao. Amtengatenga ambiri amene anafera m'njira anaikidwa m'manda opanda cizindikiro, kutali ndi kwao, ndipo maina ao anatsala m'zikumbukiro za mabanja ao okha.