Voti ya ku Thyolo: kuchokera pa thangata kufika pa chipulula

Munthu wothyola tiyi amaudziwa mzere. M'mamawa amaima pamzere kuti kapitawo amuonetse pothyola, dzuwa likakwera amaimanso pamzere, dengu lili kumsana, kudikira sikelo kuti kalaliki alembe makilo ake. Pa 16 Sepitembala 2025 anthu omwewa anaima pamzere wina m'mabwalo a sukulu za ku Bvumbwe, Goliati, Makwasa, Thekerani ndi Luchenza, kukasankha mtsogoleri wa dziko, phungu ndi khansala. Zotsatira zitalengezedwa pa 24 Sepitembala, mwana wakwawo, a Peter Mutharika, anali atapeza mavoti 56.8 pa 100 alionse, a Lazarus Chakwera 33. Thyolo ndi boma lokhalo m'Malawi muno lomwe latulutsa atsogoleri a dziko awiri, munthu ndi mng'ono wake. Koma zaka 70 zapitazo agogo a anthu amenewa analibe voti, ndipo ambiri analibe ngakhale kadimba koti n'kunena kuti aka n'kanga.

M'nthawi ya atsamunda bomali linkalembedwa kuti Cholo. Malo achonde anali atagwera m'manja mwa makampani ndi azungu olima, ndipo Alhomwe amene ankachokera ku Mozambique kuthawa nkhanza za Apwitikizi, kuyambira cha m'ma 1890, ankapeza pokhala m'maesiteti. Pokhalapo panali ndi mtengo wake: thangata. Mawuwa kale ankatanthauza kuthandizana pantchito, koma paesiteti anasanduka ntchito yokakamiza yolipirira lendi. Wokana ankauzidwa kuti asamuke, nyumba n'kugwetsedwa. Tiyi atakhazikika, ndi maesiteti monga Satemwa, amene anayamba mu 1923, ndi a Conforzi, manja othyola anafunika ambiri, ndipo thangata linalimba.

Nyumba yopanga malamulo ya Nyasaland inakhazikitsidwa mu 1907. Munkakhala akuluakulu a boma ndi azungu ochepa osankhidwa ndi bwanamkubwa, ena mwa iwo eni minda, pamodzi ndi mmishonale amene ankati akuyankhulira anthu akuda. Munthu wakuda analowamo koyamba mu 1949, nayenso mochita kuikidwa. Choncho mwini esiteti anali ndi pakamwa ku Zomba, pomwe wogwira thangata analibe khomo loti n'kugogoda. Ndipo munthu akasowa khomo amadzera pazenera. Mu Ogasiti 1953, chaka chomwe chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinayamba, anthu awiri anagwidwa paesiteti ina ya ku Mangunda powaganizira kuti aba malalanje. Mphekesera zinawanda kuti achitidwa chipongwe, khamu linasonkhana, ndipo mkwiyo wa lendi, kusamutsidwa ndi chitaganya unaphulika. Anthu anagwetsa mitengo kutseka misewu, anadula mawaya a lamya, anasiya ntchito. Zipolowe zinafalikira m'maboma ena a kum'mwera ndipo anthu 11 anaphedwa. Ine ndimaona kuti mbiri ya chisankho ku Thyolo iyenera kuyambira pamenepa, pakuti anthu anafuna voti kuti iwachotsere thangata ndi kuwapatsa malo.

Voti yeniyeni inafika pa 15 Ogasiti 1961, koma inafika yotsimphina. Kunali kaundula wapamwamba wa anthu achuma, ambiri mwa iwo azungu ndi amwenye, amene anali ndi mipando 8, ndi kaundula wapansi wa mipando 20. Ngakhale wapansiyo ankafuna kuti munthu azidziwa kulemba ndi kuwerenga komanso akhale ndi kenakake m'thumba kapena mbiri yokhoma msonkho. M'dziko la anthu pafupifupi mamiliyoni atatu, olembetsa anali cha m'ma 110,000 basi. Taganizani ndi angati mwa othyola tiyi amene anakwanira pamenepo. Komabe Malawi Congress Party ya Dr Hastings Kamuzu Banda inasesa mipando yonse 20 ya kaundula wapansi n'kutengako iwiri ya wapamwamba, ndipo chaka chotsatira, mu 1962, lamulo linathetsa thangata. Maesiteti anatsala momwe analili.

Chotsatira chake n'chowawa kuchikumbukira. Mu 1964 munthu wamkulu aliyense analoledwa kulembetsa, koma kuvota sikunachitike chifukwa oimira MCP analibe opikisana nawo. Mu 1966 dziko linakhala la chipani chimodzi, mu 1971 Kamuzu anakhala mtsogoleri wamuyaya, ndipo zisankho za aphungu za 1971 ndi 1976 zinadutsa popanda munthu kuponya pepala m'bokosi. Msonkhano wa chipani wa m'boma unkatumiza mayina, Ngwazi Kamuzu n'kusankhapo amene yawafuna. Kuyambira mu 1978 anthu analoledwa kusankha pakati pa anthu angapo a chipani chomwecho, koma mayinawo ankayamba adutsa m'manja mwa mtsogoleri, ndipo ofuna uphungu ankayesedwa Chingerezi. Chizolowezi choti phungu amaphikidwa kuchipani, anthu n'kungopatsidwa zakupsakupsa, chinabadwa m'zaka zimenezi, ndipo sichinafe.

Kalata ya maepiskopi a Katolika ya pa 8 Malichi 1992 itawerengedwa m'matchalitchi, zinthu zinayamba kuyenda mofulumira. Pa 14 Juni 1993 panali riferendamu, nyali kuimira zipani zambiri, tambala wakuda kuimira chipani chimodzi. Dziko lonse linapereka mavoti pafupifupi 65 pa 100 alionse ku nyali, ndipo kum'mwera anaposa 80. Pa 17 Meyi 1994 a Bakili Muluzi anapambana, chipani chawo cha UDF n'kutenga mipando 85 mwa 177, ndipo Thyolo, monga maboma anzake a m'chigawochi, anavala chikasu.

A Bingu wa Mutharika, mwana wa kwa Kamoto ku Thyolo, anaima koyamba mu 1999 ndi chipani chawo cha United Party ndipo sanapeze ngakhale voti imodzi pa 100. Patangopita zaka zochepa, a Muluzi atalephera kusintha malamulo kuti aimenso kachitatu, anawatenga n'kuwaika patsogolo pa UDF, ndipo pa 20 Meyi 2004 a Bingu anapambana ndi mavoti pafupifupi 36 pa 100. Pa 5 Febuluwale 2005 anatuluka m'chipanicho n'kuyambitsa DPP. Chikasu cha ku Thyolo chinasanduka buluu pafupifupi usiku umodzi. Feteleza wa makuponi anachita zake, Mulhako wa Alhomwe unadzutsa kunyadira mtundu umene kwa zaka zambiri unkanyozedwa ndi dzina loti Anguru, ndipo mu 2009 a Bingu anakolola mavoti 66 pa 100. Pachisankho chomwecho mng'ono wawo, a Peter, analowa ku Nyumba ya Malamulo ngati phungu wa Thyolo East. A Bingu anamwalira pa 5 Epulo 2012 ndipo anaikidwa kumunda kwawo ku Ndata, pafupi ndi pomwe lero pali yunivesite ya MUST.

Pali chinthu china cha m'zaka zimenezo chomwe sichikambidwa kawirikawiri. Makhansala amene anasankhidwa mu 2000 nthawi yawo itatha mu 2005, chisankho chawo chinangokhala chikuimitsidwa, ndipo dziko linakhala opanda makhansala mpaka chisankho cha patatu cha pa 20 Meyi 2014. Kwa zaka 9 mlimi wa ku Thekerani amene mlatho wake unakokoloka analibe munthu wosankhidwa wapafupi woti n'kumudandaulira kupatula phungu. N'chifukwa chake mpaka lero phungu amayembekezeredwa kugula bokosi la maliro, kulipira fizi ndi kutumiza galimoto yonyamula wodwala, ntchito yopanga malamulo n'kukhala yapambuyo.

Za 2014, 2019 ndi 2020 owerenga ambiri akuzikumbukira. A Peter anapambana mu 2014 ndi mavoti 36.4 pa 100, mu 2019 ndi 38.6, kenaka khoti linafafaniza zotsatirazo pa 3 Febuluwale 2020 chifukwa cha zolakwika zambiri, kuphatikizapo Tipp-Ex wa pamapepala a zotsatira, n'kugamula kuti wopambana azipitirira theka la mavoti onse. Pa 23 Juni 2020 a Chakwera anapambana. M'zisankho zonsezi dziko linkagwedezeka uku ndi uku, koma voti ya Thyolo ya mtsogoleri wa dziko sinasunthe.

Ndiye apa ndi pamene pagona nkhani. M'boma limene chipani chimodzi chili ndi mphamvu chonchi, mpikisano woopsa wa uphungu ndi ukhansala umachitikira pachipulula, chisankho cha m'chipani, miyezi ingapo tsiku lovota lisanafike. Thyolo anali ndi madera 7 a aphungu kwa nthawi yaitali, North, East, Central, West, South, South West ndi Thava, malire asanadulidwenso pokonzekera 2025 pomwe mipando ya dziko lonse inakwera kuchoka pa 193 kufika pa 229. M'madera amenewa, amene watenga chizindikiro cha chipani amakhala kuti mwendo umodzi waponda kale ku Lilongwe. Koma chipulula sichiyendetsedwa ndi bungwe loyendetsa zisankho la MEC. Chimayendetsedwa ndi chipani, ovota ndi nthumwi za m'makomiti a maeriya, ndipo mkangano umayambira pandandanda wa mayina: eriya iyi yapangidwa liti, nanga awa abwera palole ndi ochokera kuti?

Ndinaonererapo chipulula pabwalo la sukulu ina m'mphepete mwa esiteti. Nthumwi zinafika m'mamawa, akuluakulu oyendetsa chisankho anafika dzuwa litapendeka, anthu atatopa ndi njala. Opikisana atatu anaimikidwa kutsogolo atafulatira khamu, ndipo nthumwi zinauzidwa kuti aliyense akaime kumbuyo kwa amene akumufuna. Panali kathithi wa fumbi, kukokana malaya, anyamata akuitana anthu ndi mayina awo. Pafupi ndi ine panali mayi wina wachikulire, zala zake zakuda ndi utomoni wa tiyi, amene anaima kaye pakati osasuntha. Anayang'ana mzere umodzi, kenaka anacheukira kumene kunakhala a nyakwawa ndi apampando a eriya. Atatero analowera kumzere wautali, nkhope ili pansi. Sindinamufunse za mumtima mwake, koma ndinaona kuti mudzi wonse unaona kumene waima. Amene amalemba mayina a makuponi anaona, amene amalemba aganyu nyengo yothyola ikafika anaonanso.

Mayi yemweyo tsiku la chisankho chachikulu amalowa yekha m'kachipinda, n'kuchonga popanda womuyang'ana. Kusiyana kumeneku ndi kumene kumabala aphungu oima paokha. Munthu wogonja pachipulula akaona kuti waberedwa amaima payekha, n'kumauza anthu kuti kumwamba voterani adadi Mutharika koma pansi pano ndine. Mu 2014 oima paokha anatenga mipando 52 m'dziko muno, mu 2019 anatenga 55, ndipo ambiri mwa iwo anali ana a zipani zomwezo amene anabwerera kwawo atangolumbira. Manambala amenewa akusonyeza kuti nthawi zambiri chimene chipulula chatulutsa si chimene anthu akufuna. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa ndalama ndi katundu pokopa mavoti, koma aliyense amene anakhalapo pafupi ndi chipulula akudziwa za maenvelopu oyenda usiku. Ine ndikuti chipani chilichonse chimene chimatamanda voti yachinsinsi pachisankho chachikulu chiyenera kuipereka kwa nthumwi zake pachipulula, ndi ndandanda wa mayina womatidwa poyera masiku angapo chisankho chisanachitike.

Izi zili ndi kanthu ndi nkhani ya malo ija. Boma la Thyolo lili ndi anthu oposa 700,000 malinga ndi kalembera wa 2018, othithikana m'mapiri ndi m'makhwawa otsala pakati pa maesiteti, chimanga chikulimidwa pamalo otsetsereka oti khasu limachita kuterereka. Tiyi amabweretsa ndalama zakunja ndipo amalemba ntchito anthu zikwi zambiri, zimenezo palibe wotsutsa. Koma funso la 1953 silinayankhidwe. Mu 2016 gulu la People's Land Organisation la a Vincent Wandale linalowa m'malo a esiteti ya Conforzi kuti ligawane, apolisi anabwera, a Wandale anamangidwa. Njira yawo inali yolakwira malamulo, koma khamu limene linawatsatira linali la anthu omwe aja amene amavota mokhulupirika zaka zisanu zilizonse. Phungu amene mpando wake anaupeza chifukwa chokondedwa ndi akuluakulu a chipani sakhala ndi chomukakamiza kuti akaime m'Nyumba ya Malamulo n'kufunsa za malipiro a wothyola tiyi, za malo ogonera a m'maesiteti kapena za mlimi wamng'ono amene amagulitsa masamba ake kufakitale pamtengo woikidwa ndi ena.

Chisankho china chachikulu chikuyembekezeka mu 2030. Chisanafike, makomiti a maeriya adzakonzedwanso, malole adzanyamula nthumwi, ndipo pabwalo la sukulu ina pakati pa Makwasa ndi Thekerani anthu atatu kapena anayi adzaimikidwa atafulatira khamu.