Dilipi, mkodzo ndi impso za mwana wanu

Amayi ndi abambo a ku Chingodzi, ku Matundo ndi m'midzi ya m'malire, ambiri mwa inu mukukumbukira kolera wa mu 2015 kuno ku Tete, pamene odwala ankagona m'matenti, dilipi ili pamkono. Madzi amenewo anachokera kutali.

Mu 1832, kolera atavuta ku Leith m'dziko la Scotland, dokotala Thomas Latta analowetsa madzi a mchere m'mitsempha ya odwala, ndipo ena amene anali atakomoka anatsitsimuka. Munthu akatsekula m'mimba kwambiri, madzi amatha m'thupi, impso sizilandira magazi okwanira, mkodzo n'kusiya kutuluka. Patapita zaka zambiri, dilipi inafala m'zipatala zonse, moti madokotala anazolowera kuganiza kuti mwana wodwalitsitsa azipatsidwa madzi ochuluka, mwachangu.

Maganizo amenewa anagwedezeka mu 2011. Kafukufuku wa FEAST, wotsogoleredwa ndi Kathryn Maitland, anaona ana 3,141 otentha thupi kwambiri ku Uganda, Kenya ndi Tanzania, ambiri a iwo odwala malungo. Pa ana 100 aliwonse amene anapatsidwa madzi ambiri mwachangu, pafupifupi 11 anamwalira m'masiku awiri. Pa amene sanapatsidwe, anamwalira 7. Ngakhale ofufuzawo anadabwa. Koma mvetsetsani bwino apa: ana otsekula m'mimba sanali m'kafukufukuyu. Mwana wa kolera amafunikabe ORS ndi dilipi mosazengereza.

Vuto lina ndi lobisika. Poyeza impso, achipatala amaona kuchuluka kwa zinyalala za m'magazi zotchedwa creatinine. Impso zikavulala, zinyalalazi zimakwera. Koma mwana akadzaza madzi m'thupi, magazi amasungunuka. Zili ngati ndiwo zimene mwathira madzi ambiri: mchere ulimo wonse, koma lilime silikuumva. Zotsatira zingaoneke zabwino pamene impso zayamba kale kufooka. N'chifukwa chake madokotala ena amawerengera madzi onse amene alowa ndi amene atuluka asanakhulupirire zotsatirazo, ndiponso amamuika mwanayo pa sikelo tsiku lililonse.

Mu 2012 akatswiri a bungwe la KDIGO anagwirizana kuti kuchepa kwa mkodzo nakonso n'chizindikiro chokwanira. Mwana wa makilogalamu 10 akakodza mkodzo wosakwana masupuni aakulu awiri pa maola 6, impso zake zili pangozi.

Apa m'pamene inu odikirira mwana m'chipatala mumaposa makina. Thewera limasinthidwa ndi inu. Mukaona kuti lakhala louma kuyambira m'mawa, kapena zikope ndi mapazi zatupa, mwana akupuma mobanika, kapena mkodzo wada ngati tiyi wopanda mkaka, itanani anamwino nthawi yomweyo. Auzeni nthawi imene anakodza komaliza ndi zimene wamwa. Dilipi musaitsegule kapena kuitseka nokha, ngakhale mukuona ngati ikudontha pang'onopang'ono.