Shuga wobwera ndi pakati: kodi mayi angachilire kunyumba?

Matenda a shuga obwera ndi pakati ndi vuto limene limapezeka mwa mayi woyembekezera yemwe poyamba analibe shuga. Nthawi zambiri mayi amayezedwa pakati pakafika masabata 24 mpaka 28, atamwetsedwa madzi osungunuliramo magalamu 75 a shuga. Malinga ndi muyezo umene bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linakhazikitsa mu 2013, mayi ali ndi vutoli ngati shuga wa m'magazi mwake wafika 5.1 mmol/L asanadye kanthu, kapena 8.5 patatha maola awiri chimwereni madziwo.

Amayi ambiri otere samva kudwala kulikonse, ndipo n'chifukwa chake ena amafunsa chowaletsa kuchilira kunyumba. Koma chiopsezo chachikulu chili pa mwana. Shuga wa mayi amadutsa mu nsengwa n'kufika kwa mwana, ndipo thupi la mwanayo limapanga insulin wambiri kuti lithane naye. Zotsatira zake mwana amanenepa, nthawi zina kupitirira makilogalamu anayi, makamaka m'mapewa. Pobadwa mutu ungatuluke koma mapewa n'kukanirira kuseri kwa fupa la chinena. Apa azamba amakhala ndi mphindi zowerengeka chabe. Akachedwa, mitsempha ya mkono imawonongeka kapena ubongo umasowa mpweya.

Vuto lachiwiri limadza mchombo ukadulidwa. Shuga wochokera kwa mayi amaleka kubwera pamene insulin wa mwana akadali wochuluka, motero shuga wa m'magazi mwake amatsika. Khanda lotere limangogona, limakana bere kapena limanjenjemera, ndipo n'zosavuta kuliyamikira kuti ndi mwana wofatsa pamene likufooka. Chotsimikizira ndi kuyeza kadontho ka magazi a pachidendene basi.

Ku Britain, kumene azamba a boma amathandiza amayi kuchilira kunyumba, malangizo a bungwe la NICE a mu 2015 amati mayi wa shuga achilire m'chipatala chokhala ndi akatswiri otsitsimutsa makanda usana ndi usiku. Amatinso asapitirire masabata 40 ndi masiku asanu ndi limodzi asanachire, shuga wake ayezedwe ola lililonse matenda akayamba, ndipo mwana ayamwe pasanathe mphindi 30 n'kuyezedwa pakadutsa maola awiri mpaka anayi. Komabe awa ndi malangizo, si lamulo. Pa mlandu wa Montgomery mu 2015, wokhudza mayi wa shuga yemwe mwana wake analumala mapewa atakanirira, khoti lalikulu la dzikolo linagamula kuti dokotala afotokoze zoopsa zonse zofunika kuti mayi asankhe yekha. Mayi amene shuga wake watsika ndi kadyedwe kokha, ndipo mwana sakuoneka wamkulu, angathe kukambirana ndi azamba za kuchilira kunyumba. Kwa amene akubaya insulin kapena kumwa metformin, madokotala amalimbikitsa kwambiri za kuchipatala.

Ofuna kuchilira kunyumba amatchula kawirikawiri kafukufuku wa Birthplace wa ku England wa mu 2011. Koma iye anaunika makamaka amayi opanda vuto lodziwika, ndipo ngakhale pakati pawo, pafupifupi 45 mwa amayi 100 a mimba yoyamba anathamangitsidwira kuchipatala.

M'chigawo chino nkhaniyi ili ndi nkhope ina. Amayi ambiri ochilira kunyumba amakakamizika ndi kutalika kwa mtunda ndi kusowa kwa mayendedwe, ndipo zipatala zambiri zing'onozing'ono sizichita muyezo wa magalamu 75. Dziko la Malawi linaletsa azamba a m'midzi kubereketsa mu 2007, kenaka pulezidenti Bingu wa Mutharika anachotsa chiletsocho mu 2010, koma mzamba wa kumudzi alibe chipangizo choyezera shuga wa khanda. Kwa mayi amene anauzidwa kusikelo kuti ali ndi shuga, kapena amene anaberekapo mwana wamkulu kwambiri, njira yodalirika ndi kupita kuchidikiro cha chipatala chochita opaleshoni masiku ake asanakwane.